Masiku Asanu ndi Limodzi M'minda ya Mphesa ya ku Cape

Lolemba, 9 Febuluwale: Constantia

Mwana wa mlongo wanga wakhala ku Cape Town zaka 8 tsopano, akugwira ntchito yoperekera zakudya ndi zakumwa pa lesitilanti ina ya m'mphepete mwa nyanja, ndipo nditabwera kudzamuona anapempha tchuthi cha sabata imodzi, nabwereka galimoto kwa mnzake, kuti akandionetse kumene kumachokera vinyo amene iye amatsanulira alendo usiku uliwonse. Tisananyamuke tinapangana kuti iye salawa ngakhale dontho chifukwa ndiye woyendetsa, ndipo ine ndizilawa n'kulavulira m'kachidebe kamene amaika patebulo, monga amachitira odziwa ntchitoyi. Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka 31 ku Kasungu ndi ku Dowa, choncho ulendo uno ndabwera ndi maso a mlimi, ofuna kuona dothi, mbewu ndi manja amene amaisamalira.

Tayambira ku Groot Constantia, kuseri kwa phiri la Table Mountain, munda umene bwanamkubwa wa Chidatchi Simon van der Stel anapatsidwa mu 1685, patapita zaka 26 chifinyireni vinyo woyamba ku Cape, pakuti Jan van Riebeeck, mtsogoleri woyamba wa Adatchi ku Cape, analemba m'buku lake kuti ntchitoyi inachitika pa 2 Febuluwale 1659. Chimene chandidabwitsa poyamba ndi nyengo. Kwathu mwezi uno chimanga chikumasula ndipo mvula ili pakati, koma kuno kuli ng'amba yeniyeni, udzu wauma gwa, chifukwa mvula imagwa m'miyezi yozizira, ndipo mphesa zimapsa padzuwa popanda chinyontho chozioletsa. Masana kunayamba kuomba mphepo yochokera ku False Bay, imene anthu a kuno amaitcha Cape Doctor, ndipo inandikumbutsa mwera wa ku Nkhotakota, pakuti zonsezi zimachokera kum'mwera chakum'mawa. Mphepoyi imaumitsa masamba a mipesa kuti asagwidwe matenda obwera ndi chinyezi, ndiponso imaziziritsa munda kuti mphesa zipse pang'onopang'ono.

Nyumba yaikulu yoyera ija ndi yokongola, koma ine ndinakhalitsa pamene pafotokozedwa mbiri ya akapolo amene ankalima mundawu. Anachokera ku India, ku Indonesia, ku Madagascar ndi ku Mozambique, ndipo ambiri analandidwa mayina awo n'kupatsidwa dzina la mwezi kapena la dziko limene anatengedwako, motero mpaka lero ku Cape kuli mabanja otchedwa September ndi Februarie. Ukapolo unathetsedwa mu 1834, koma anthuwo anakakamizidwa kutumikirabe ambuye awo mpaka 1838. Nditawerenga mawu akuti Mozambique ndinaima nthawi yaitali, chifukwa njira za akapolo opita kugombe limenelo zinkayambira kumtunda, m'madera oyandikana ndi kwathu.

Madzulo tinakwera pang'ono kupita ku Klein Constantia kukalawa Vin de Constance, vinyo wotsekemera amene munda umenewu unayambanso kupanga mu 1986 potsata wa makedzana uja, amene Napoleon ankamwa ali m'ndende pachilumba cha St Helena. Mphesa zake, za mtundu wa Muscat de Frontignan, amazisiya pampesa mpaka zitakwinyika kuti madzi achepe ndi shuga achuluke. M'kamwa mwanga anamveka ngati uchi wosakaniza ndi makoko a lalanje ndi mango oyanika, ndipo ngakhale ali wotsekemera chotero, ali ndi kuwawasa kumene kumatsuka lilime kuti asatopetse.

Lachiwiri, 10 Febuluwale: Stellenbosch

Tinanyamuka mamawa kudzera msewu wa N2, ndipo pasanathe ola tinali titafika m'tauni imene Van der Stel yemwe uja anaitcha dzina lake mu 1679. Misewu yake ndi yamthunzi chifukwa cha mitengo ya oak yakalekale. Kuno ndi kumene alimi atatu, Frans Malan wa ku Simonsig, Spatz Sperling wa ku Delheim ndi Niel Joubert wa ku Spier, anayambitsa mu 1971 mwambo wotsegulira alendo minda yawo kuti azilawa vinyo pamalo pomwe wapangidwa, mwambo umene ife tikuutsata sabata ino.

Ku Simonsig tinalawa Kaapse Vonkel, vinyo wathovu amene anayamba kupangidwa chaka chomwecho cha 1971. Thovu lake silopopera ngati la zakumwa zoziziritsa kukhosi ayi, koma vinyoyo amamuthira yisiti ndi shuga pang'ono n'kumutsekera m'botolo kuti awirenso kachiwiri, ndipo mpweya wosowa potulukira umalowa m'vinyomo. Sitinachedwepo, chifukwa mtima wanga unali ku Kanonkop, m'munsi mwa phiri la Simonsberg, kumene kuli kwawo kwa mphesa za mtundu wa Pinotage.

Mbewu imeneyi inabadwira kuno. Mu 1925 Abraham Izak Perold, mphunzitsi wa ulimi wa mphesa pa yunivesite ya Stellenbosch, anakwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, imene nthawi imeneyo inkatchedwa Hermitage, ndipo dzina lakuti Pinotage linachokera m'mayina awiriwo. Ntchito yotere si yachilendo kwa ine amene ndatha zaka ndikufotokozera alimi za chimanga cha haibulidi, koma zimene ndinaona m'munda zinatsutsana ndi zonse zimene ndinkaphunzitsa. Mipesa yakale ya pamalowa, ina yobzalidwa mu 1953, siyangidwa pawaya koma imaima yokha ngati zitsamba zofika m'mawondo, ndipo imabereka masango ochepa kwambiri. Kuwonjezera apo, alimi a kuno amadula dala masango ena akadali aawisi n'kuwataya pansi, kuti mphamvu yonse ya mpesa ipite mwa otsalawo. Ine ndinaphunzitsidwa kuti mlimi wabwino ndi wochotsa matumba ambiri pa ekala, ndipo pa chimanga ndikukhulupirirabe zimenezo chifukwa banja limadya matumba. Komabe ndinakumbukira kuti mlimi wa fodya amathena mutu ndi kuchotsa mphukira kuti masamba otsala akhale olemera, ndipo pamenepo ndinamvetsa kuti nzeru yake ndi imodzi.

M'nyumba yopangiramo vinyo tinapeza ntchito ili m'kati, popeza ino ndi nyengo yokolola. Mphesa zophwanya zinali m'matanki a simenti osavundikira, zikuwira, ndipo makoko ake anali atayandama pamwamba ngati masese. Amuna anaimirira pamatabwa opingasa pamwamba pa matankiwo akukankhira makokowo pansi ndi ndodo zazitali, ntchito imene amaibwereza maola awiri aliwonse usana ndi usiku mpaka kuwira kutatha. Chifukwa chake n'chakuti madzi a mphesa, ngakhale zakuda, ndi oyera, ndipo kufiira konse pamodzi ndi kukoma kwina kumachokera m'makoko. Amayi anga pofulula mowa ankafuna chimera kuti ufa usanduke wotsekemera usanawire, koma mphesa imabwera ndi shuga wake kuchokera kumunda, ndiye chifukwa chake wopanga vinyo amadalira kwambiri tsiku lothyola kuposa china chilichonse.

Potilawitsa, mtsikana wa pamalopo anatchula zipatso zingapo za ku Ulaya zimene akuti fungo lake limamveka m'tambulamo, zipatso zoti sindinadyepo. Mwana wa mlongo wanga anaona kuti ndangoti chete, ndipo anandinong'oneza kuti, "Amalume, musavutike ndi zipatso zawozo, inu nenani zimene mphuno yanu ikukumbuka." Nditanunkhizanso ndinapezamo nthudza zakupsa kwambiri, ndi kautsi konga ka m'chigafa cha fodya wa chikopa. Nditamwa ndinamva khambi, lija la nthochi yosapsetsa, likugwira m'nkhama. Khambi limeneli limachokeranso m'makoko ndi m'njere, ndipo ndilo limasunga vinyo wofiira kuti akhale zaka zambiri m'botolo, likufewa pang'onopang'ono. Kuyambira pamenepo ndayamba kulawa ndi mawu a kwathu, ndipo vinyo wayamba kumveka.

Lachitatu, 11 Febuluwale: Franschhoek

Msewu wochokera ku Stellenbosch umakwera phiri la Helshoogte n'kutsikira ku Pniel, mudzi umene unayamba mu 1843 ngati mishoni ya anthu omasulidwa mu ukapolo, kenako n'kulowa m'chigwa chozingidwa ndi mapiri mbali zitatu. Dzina lakuti Franschhoek limatanthauza ngodya ya Afalansa, chifukwa mu 1688 kunafika Akhristu a Chipulotesitanti otchedwa Huguenot, othawa chizunzo kwawo mfumu Louis XIV itachotsa mu 1685 lamulo limene linkawateteza. Mayina a minda monga La Motte, La Provence ndi Cabrière akusungabe chikumbutso cha kwawo, ndipo kumapeto kwa msewu waukulu kuli chipilala chawo chimene chinatsegulidwa mu 1948. Tauniyi ndi yodzaza ndi alendo, ena akuyenda pa kasitima kozungulira m'minda, ndipo mitengo ya zakudya ndi yokwera kwambiri. Ndinalawa vinyo wa mphesa za Semillon wochokera ku mipesa yakale, wokhala ndi fungo la phula la njuchi ndi la ndimu, ndipo ndinamukonda.

Koma za lero zimene ndikufuna kulemba zinachitikira kuseri kwa nyumba yolawiramo pa munda wina umene sindiutchula dzina. Ndikuyang'ana mapaipi othirira m'mizere, ndinamva munthu akuitana mnzake kuti, "Aise, bweretsa kuno kreti imeneyo." Ndinayankha ndisanaganize n'komwe, ndipo bambo wina wa zaka ngati 40 anatembenuka, navula chipewa, nati, "Zikomo bambo, mwachokera kuti kumudzi?" Iye kwawo ndi ku Mangochi. Wathyola mphesa m'chigwa chino nyengo zisanu ndi imodzi, ndipo miyezi yozizira amadulira mipesa kapena kugwira ganyu ya m'maluwa. Anandifotokozera kuti amalowa m'munda kusanache kuti mphesa zifike kopangira vinyo zikadali zozizira, chifukwa zikatentha zimayamba kuwira panjira ndipo fungo limathawa. Anandionetsa kagwiridwe ka sizasi, ndi mmene amazindikirira tsango lowola m'kati ngakhale kunja likuoneka bwino, ndiponso anandipatsa njere kuti nditafune, nati ikakhala yofiirira ndi yophwanyika msanga ndiye kuti mphesa yakhwima, ikakhala yobiriwira ndi yowawa ndiye kuti tsiku silinakwane. Zimenezi palibe anandiuza patebulo lililonse lolawira.

Nditamufunsa ngati vinyo wa mundawu amamukonda, anaseka pang'ono mwaulemu n'kunena kuti sanamulawepo, popeza mtengo wa botolo limodzi ndi ndalama imene amatumiza kwa ana kumudzi. Sananene modandaula, ndipo kapitawo atamuitana anabwerera kumzere wake. Ine ndinabwerera patebulo, koma tambula yotsatirayo ndinaigwira mosiyana ndi zonse zam'mbuyo.

Pochoka tinadzera msewu wa R301 wopita ku Paarl, ndipo tinaima pachipata cha ndende ya Drakenstein, imene kale inkatchedwa Victor Verster, pomwe pali chiboliboli cha Nelson Mandela atakweza chibakera. Anatulukira pachipata chomwechi pa 11 Febuluwale 1990, tsiku ngati lalero, ndipo mbali zonse za msewuwo ndi minda ya mphesa.

Lachinayi, 12 Febuluwale: Paarl, De Doorns ndi Robertson

Ku Paarl, m'munsi mwa matanthwe aakulu onyezimira amene anapatsa tauniyi dzina lotanthauza ngale, tinaona nyumba za KWV, bungwe limene linayamba ngati la alimi a mphesa za vinyo, ndi migolo yake ikuluikulu yotalika kuposa munthu. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1918 pamene vinyo anachuluka n'kugwa mtengo, alimi atabzalanso minda yawo pambuyo pa kachirombo ka phylloxera kamene kanayamba kuononga mizu ya mipesa mu 1886. Kwa zaka zambiri, mpaka m'ma 1990, KWV ndiyo inkaika mtengo wotsikitsitsa ndi mlingo wa zokolola za mlimi aliyense, monga momwe alimi a fodya kwathu amalembetsera makilogalamu awo. Mankhwala a kachirombo kaja anapezeka m'njira imene mlimi aliyense wa mango amaidziwa, yomezanitsa mtundu wofunikawo pa tsinde la mpesa wa ku America umene mizu yake imapirira, ndipo mipesa yambiri imene taiona sabata ino ndi yomezanitsa chotero. Tinalawa Chenin Blanc, amene akuluakulu a kuno amamutcha Steen, mbewu imene South Africa imalima kuposa dziko lina lililonse. Fungo lake ndi la gwafa weniweni, ndi chinanazi pang'ono.

Titadutsa msewu wa pansi pa phiri wa Huguenot, wotalika pafupifupi makilomita 4, ndinapempha kuti tipatuke pa Worcester tikaone De Doorns, m'chigwa cha Hex River. Kumeneko amalima mphesa zodya osati za vinyo, koma ndi kumene antchito a m'minda ananyanyala ntchito kumapeto kwa 2012, natseka msewu wa N1, mpaka boma linakweza malipiro a patsiku kuchoka pa R69 kufika pa R105 mu 2013. Mizere ya mphesa ndi yowongoka ndi yobiriwira mpaka m'tsinde mwa mapiri, ndipo m'mphepete mwa msewu muli tinyumba tamalata tothithikana.

Tili m'njira, mwana wa mlongo wanga anandifotokozera za dop, chizolowezi chakale cholipira wantchito gawo la malipiro ake ndi vinyo wotsika, wopatsidwa kangapo patsiku. Chinaletsedwa ndi lamulo mu 1960 koma m'minda ina chinapitirira mpaka m'ma 1990, ndipo chinasiya bala lalikulu, pakuti madera ano ali m'gulu la madera otsogola padziko lonse pa chiwerengero cha ana obadwa ndi ubongo wovulala chifukwa cha mowa umene mayi anamwa ali woyembekezera. Ine sindinathe kuloza chala ngati mlendo wosalakwa, chifukwa ndaona ndi maso anga matenanti m'maesiteti a fodya akupatsidwa chimanga ndi mchere pangongole chaka chonse, n'kutuluka chimanjamanja fodya atagulitsidwa. Lero sindinalawenso china, ndipo tafika ku Robertson dzuwa likulowa.

Lachisanu, 13 Febuluwale: Robertson

Kuno n'kotentha ndi kouma, ndipo popanda mtsinje wa Breede ndi ngalande zake sipakanamera mpesa. Dothi lake lili ndi laimu wambiri, chinthu chosowa m'madera ena a ku Cape, n'chifukwa chake mphesa za mtundu wa Chardonnay zimachita bwino. Ndinafukula pang'ono m'mphepete mwa mzere ndipo ndinapeza timiyala toyera tofumbutuka m'manja. Ku munda wa Graham Beck tinalawa vinyo wathovu wa mtundu umene unamwedwa pa mwambo wolumbiritsa Mandela mu 1994, ndipo fungo lake linali la buledi wongotuluka mu uvuni, lochokera ku yisiti imene imakhala m'botolo miyezi yambiri.

Masana tinalowa pa Klipdrift, m'tauni momwemo, kukaona kaphikidwe ka burande, ndipo apa ndinaona kachasu atavala suti. Vinyo amamutcheza kawiri m'miphika ya mkuwa, nthunzi n'kudutsa m'paipi yozizira, monga momwe amachitira amayi a kumudzi ndi mbiya, mpope ndi mwadiya wa madzi. Kusiyana kwake n'kwakuti madontho oyamba, amene kwathu timati mutu ndipo anthu amawalimbirana, kuno amawapatula pamodzi ndi omalizira chifukwa muli zinthu zosayenera m'thupi, ndipo amasunga apakati okha. Lamulo limafuna kuti burande wotere akhale m'migolo ya oak zaka zosachepera zitatu. Ndinalakalaka ophika kachasu kwathu akanaphunzitsidwa kupatula kumeneku, pakuti ndaika m'manda anzanga angapo amene ankanyadira kumwa mutu.

Madzulo tinadutsa m'minda ya tirigu yokolola kale ya ku Overberg, kudzera ku Caledon, n'kugona ku Hermanus.

Loweruka, 14 Febuluwale: Hemel-en-Aarde

Dzina la chigwachi limatanthauza kumwamba ndi dziko lapansi. Kuyambira mu 1817 kunali malo osungirako odwala khate, amene pambuyo pake ankasamalidwa ndi amishoni a Moravian, mpaka pamene anasamutsidwira ku Robben Island m'ma 1840. Mphesa zinabwera mochedwa, Tim Hamilton Russell atagula malo kuno mu 1975 pofuna dera lozizira, ndipo m'mawa uno ndinamvetsa chimene ankafuna, chifukwa mphepo ya kunyanja inandivalitsa juzi pakati pa chilimwe. Dothi ndi lamiyala pamwamba ndi lamakande pansi, losunga chinyontho. Apa ndinalawa Pinot Noir, kholo la Pinotage uja wa Lachiwiri, ndipo ndinadabwa kuona kuti kholo ndi lofatsa kuposa mwana. Mtundu wake ndi wofiira mopyapyala woti kuwala kumadutsa, khambi lake ndi lochepa, ndipo fungo lake linandikumbutsa bowa ndi dothi la m'nkhalango ya masuku mvula yoyamba itagwa.

Tikubwerera kudzera msewu wa Clarence Drive, phiri kumanja ndi nyanja kumanzere, mwana wa mlongo wanga anandiululira kuti akusunga ndalama zoti aphunzire ntchito ya ukatswiri wa vinyo. Anatchula anyamata a ku Zimbabwe amene anafika kuno opanda kanthu nayamba ngati operekera zakudya, koma mu 2017 anakaimira dziko lawo ku France pa mpikisano wozindikira vinyo mosaona botolo, ndipo mmodzi wa iwo, Tinashe Nyamudoka, ali ndi vinyo wake wotchedwa Kumusha, mawu a Chishona onena za kumudzi. Anatchulanso Ntsiki Biyela, mayi woyamba wachikuda kukhala wopanga vinyo m'dziko lino, amene anakulira kumudzi ku KwaZulu-Natal ndipo vinyo wake anamutcha Aslina, dzina la agogo ake. "Amalume, kodi amayi mukawauza bwanji?" anandifunsa, podziwa kuti mlongo wanga ndi mayi wa mvano amene mawu akuti mowa safuna kuwamva. Ndinamulonjeza kuti ndikawauza zimene ndaona, kuti ndi ntchito ya ulimi yofuna mutu woganiza ndi kudziletsa, ndiponso kuti sabata yathunthu mwana wawo wakhala pakati pa mabotolo osalawa dontho chifukwa anali ndi moyo wa malume wake m'manja.

Tafika kunyumba usiku, galimoto tabweza kwa mwini wake, ndipo tadya nsima ya nsomba ya snoek ndi tambula imodzi imodzi ya Chenin Blanc, amene kuwawasa kwake kunagwirizana bwino ndi mafuta a nsombayo. Botolo lina, la ku munda uja wa ku Franschhoek, sitinatsegule. Bambo a ku Mangochi aja anatipatsa nambala yawo, ndipo mawa Lamulungu sagwira ntchito, choncho tawaitana kuti adzadye nafe chakudya cha masana. Avomera, ati akwera minibasi yoyamba akatuluka m'mawa, ndipo abwera ndi masango awiri a mphesa zimene athyola lero.